Popumira pa Mzere Wachitatu

Tsiku limene mkulu uja wa ku America anabwera koyamba ku mapemphero athu kunali chinyontho cha miyezi yotentha, chija choti ukangotsika basi magalasi amachita nkhungu, malaya n'kukakamira kumsana. Kumwamba kunali mbuu chifukwa cha fumbi. Ndikukumbukira makina oziziritsa mpweya akung'ung'udza pakhoma lonse la bwalo la matchalitchi, ndi mawu ochokera ku mzikiti wa tsidya lina la msewu oitanira anthu ku swala ya masana. M'chipinda chimene timachita lendi munali mudakali Amwenye, akumaliza nyimbo yawo yotsiriza ndi timang'oma tawo. Ife tinaima panja kudikira ola lathu, ine kibodi ili paphewa.

Kibodi imeneyo ndinali nditaisenza zaka zisanu ndi chimodzi. Ndimayendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, m'nyumba yosungiramo matailosi ku Dubai Investments Park, ndipo ndimagona komweko, m'chipinda cha anthu anayi. Lamlungu lililonse ndinkaitulutsa pansi pa bedi, kuipukuta, kuikulunga m'chitenje cha malemu akazi anga, n'kukwera nayo basi kenako sitima. Kwathu ku Ntcheu ndinkaimba limba la mpingo, lija lopopa ndi mapazi, lokhala ndi mabatani awiri akufa amene ndinkawalumpha osaganiza n'komwe. Akazi anga atamwalira, ana atakula, ndinabwera kuno. Ndinapeza kagulu ka anthu opemphera m'Chichewa kakuimba popanda chida chilichonse, ndipo ndinadziwa ntchito yanga.

Ambiri mu mpingo wathu ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu, ophika ndi olera ana. Ofu yawo ndi ya maola ochepa. Amafika akuthamanga, amachoka akuthamanga, foni ili m'manja kuopa kuti madamu aimba. Muli ndi anzathu angapo a ku Zambia. Amuna ndife owerengeka.

Mlendoyo anabwera ndi mtsikana wina wa ku Thyolo amene amalera ana kubanja la Achimereka. Anali mkulu wamtali, wowerama pang'ono, tsitsi lonse loyera, atanyamula kathumba kansalu.

"Abambo," anatero mtsikanayo kwa ine, "awa ndi bambo awo a madamu anga. Akuti atopa kukhala m'nyumba ndi mphaka. Kwawo amaimba limba."

Pali mayi wina wa ku Lusaka amene amagwira ntchito pahotela ku Al Rigga, munthu wabwino mtima koma pakamwa pake sipatsekeka. Anandigunda ndi chigongono.

"Ba mudala, mwapeza munzanu. Manje muzapumulako."

Ndinaseka nawo. Ndinamupatsa moni mlendoyo ndi manja awiri, ndipo ndinaona kuti zala zake zinali zotupa m'mfundo.

Mapemphero onse anakhala kumbuyo, chete, akugwedeza mutu. Titamaliza, patatsala mphindi zochepa kuti a ku Philippines alowe, anandifunsa mwaulemu ngati angayeseko kibodi yanga. Ndinamusiyira mpando. Anatsegula kathumba kaja n'kutulutsa nsapato zakuda, zopyapyala, zachidendene chachitali pang'ono. Anayang'ana pansi pa kibodi, anaona kuti palibe chopondapo, anazibwezera m'thumba akudziseka yekha.

"Ayi, agogo abwera ndi nsapato za limba!" anafuula mayi wa ku Lusaka. "Ba mudala, zanu zili kuti?"

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Kenako iye anaika zala zotupa zija pa mabatani, ndipo chiseko chinatha.

Sindinama. Kibodi ija ndinaigula ndine, ndinkagona nayo pansi pa bedi, koma sindinkadziwa kuti muli mawu otere. Dzanja lake lamanzere linkayenda ulendo wakewake, lamanja wakewake, n'kumakumana pamene sunayembekezere. Anaimba nyimbo yomwe tinali titangoimba kumene, koma inamveka ngati yasamba n'kudzola mafuta. Amayi analulutira. Wina anagwetsa misozi. Ine ndinaomba nawo m'manja, ndipo pobwerera kibodi inandilemera kuposa masiku onse.

Anabweranso Lamlungu lotsatira, ndi linzake. Popeza tonse awiri tinkafika msanga, tinkakhala pabenchi ya panja mumthunzi, ndipo pang'onopang'ono anandiuza za moyo wake. Anabadwira kudera la minda ya chimanga, kumene m'nyengo yozizira chipale chofewa, madzi oundana ogwa kuchokera kumwamba, chimatseka zitseko. Anayamba kuimba limba ali mwana, miyendo isanafike pa zopondapo, mayi wina wokalamba wa mumpingo mwawo akumupondera. Atakula anakaphunzira nyimbo kusukulu yapamwamba, kenako anakhala woimba limba pa tchalitchi chimodzi cha mumzinda kwa zaka zoposa makumi anayi. Ankati limba lake linali ndi mipope yambirimbiri, ina yaing'ono ngati pensulo, ina yotalika kufika kudenga, ndipo akaponda ya pansi mawindo ankanjenjemera. Anaimba pa maukwati a anthu, kenako pa ubatizo wa ana awo, kenako pa maliro awo. Anapeka nyimbo zambiri, zina zinalowa m'mabuku a nyimbo. Koma anthu ankacheperachepera, mpaka tchalitchicho anachitseka, limba analiphwasula. Ndipo mwana wake wamkazi, amene amaphunzitsa pasukulu ina kuno, anamutenga kuti asakhale yekha.

Ankanena zimenezi mopanda kudzitama. Chimenecho ndicho chinkandivuta kwambiri. Akanakhala wonyada, ndikanakhala ndi pogwira.

Palibe amene anandichotsa pampando. Zinangochitika. Poyamba anali nyimbo imodzi yotsekera. Kenako amayi anati, "Agogo atiimbireko ya chopereka." Pofika nyengo yozizira ankaimba zonse, ine nditaima pambali pake kumutembenuzira mapepala ndi kumunong'oneza kuti mlaliki watsala pang'ono kumaliza. Kibodi ndinkaisenzabe ndine.

Amayi anayamba kumubweretsera mandasi okulunga m'pepala. Tsiku lina anabwera ndi malaya a chitenje amene anakasoketsa kwa telala ku Satwa, namuveka pamaso pa mpingo wonse, akujambula ndi mafoni. Anali malaya abwino, obiriwira. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Zaka zisanu ndi chimodzi palibe anandisokerapo ngakhale mpango. Ndinadzidzudzula pomwepo kuti munthu wamkulu ngati ine, mkulu wa mpingo, ndikulirira malaya. Ndinapemphera m'basi njira yonse. Koma nditafika kuchipinda ndinapeza kuti ndikukumbukirabe mtundu wa mabatani ake.

Zonsezi ndikanazipirira. Mpando si wa munthu, ndi wa Mulungu. Chimene sindinathe kupirira ndi nkhani ya nyimbo imodzi.

Nyimbo imeneyo ndinapeka ndine, chaka chomaliza cha akazi anga. Ankadwala chifuwa chimene chinawadya pang'onopang'ono. Anali munthu wa nyimbo, mawu awo ndiwo ankatsogolera amayi kutchalitchi kwathu, ndipo atalephera kuyenda ankadandaula kuti nyimbo za m'buku ndi zazitali, mpweya sukuwakwanira. Ndiye ndinawapekera yawoyawo, yaifupi, ya mizere inayi. Ndinailemba m'solofa, zilembo za d, r, m zimene tinaphunzira kukwaya, papepala la m'kope la mwana wathu. Tinkaimba awiri pakhonde masana, iwo atatsamira chipupa.

Munandidziwa ndisanabadwe,
munandiyendetsa m'njira yonse;
pamene mphamvu zanga zatha,
dzanja lanu silitopa.

Pa mzere wachitatu, akangoti "pamene mphamvu," mpweya unkawathera. Ankaima, kukoka mpweya, n'kupitiriza "zanga zatha." Ine ndinkawadikira. Tinaimba choncho miyezi yambiri. Pepalalo lili m'Baibulo lawo mpaka lero, ndipo Baibulolo lili ndi ine.

Nditafika ku Dubai ndinaphunzitsa amayi nyimboyi. Sindinanene kuti ndi yanga. Kwathu munthu suimirira pamaso pa mpingo n'kunena kuti iyi ndapeka ndine. Anthu amati wayamba kudzimva. Komanso ndikananena, akanandifunsa kuti ndinapekera chiyani, ndipo sindinkafuna kulira pamaso pa ana. Ndinangoti, "Pali kanyimbo kena aka ka kwathu." Ndinaimba mzere, iwo n'kubwereza, ndinaimba wina, iwo n'kubwereza, monga timaphunzitsirana. Anaikonda kuposa nyimbo zina zonse. Wina akalandira uthenga wa maliro kumudzi ndipo madamu amukaniza kupita, ndiyo tinkamuimbira. Mtsikana wa ku Thyolo ankati amagonetsera nayo ana a madamu ake.

Mkulu uja ataimva koyamba anachotsa manja pa kibodi n'kungomvetsera. Titamaliza anafunsa kuti nyimboyi ndi ya yani, ili m'buku liti.

"Mulibe m'buku, agogo," anayankha mtsikana wa ku Thyolo. "Ndi ya kwathu. Yakalekale."

"Ya makolo," anawonjezera mayi wina wa ku Kasungu. "Ine ndikuona ngati amayi anga ankaimba."

Ndinali nditaima pomwepo, ndikukulunga waya. Amayi ake a munthu ameneyo sanaimvepo nyimboyi. Ndinatsegula pakamwa, koma onse anali akuyang'ana mkulu uja, amene anali atatulutsa kale pensulo. Ndinapitiriza kukulunga waya.

Anailemba m'kalembedwe kawo, timadontho takuda tokhala pa mizere isanu ngati mbalame pa waya wa magetsi. Ine sinditha kuwerenga zimenezo. Anaiikira mawu anayi, soprano mpaka besi, ndi chiyambi chachitali cha limba lokha. Sabata iliyonse ankabwera atasintha kena kake, nkhope ikuwala. Mwana wake anauza mtsikana wa ku Thyolo kuti bambo ake sanalembepo nyimbo chichokereni kwawo, koma tsopano amadzuka m'mamawa n'kukhala patebulo. Amayi atamva zimenezi anakondwa ngati achiritsa wodwala.

Tsiku lina pabenchi paja anandionetsa pepala lake n'kuloza malo ena ndi pensulo.

"M'bale wanga, apa pali vuto laling'ono. Pa mzere wachitatu amaima pakati pa mawu, pamalo poti palibe chifukwa choimira. Nyimbo zoyenda pakamwa zimatero, wina analakwitsa kalekale ndipo onse anatengera. Ndachotsapo. Tsopano ikuyenda bwino."

Ndinayang'ana timadontho take. Ndinati, "Mwachita bwino." Mulungu andikhululukire, ndinanena choncho.

Chaka chilichonse mipingo yonse ya pabwalo paja imachita mapemphero amodzi othokoza m'tchalitchi chachikulu, gulu lililonse n'kuimba nyimbo imodzi m'chinenero chake. M'menemo muli limba lenileni, la mabatani a mizere itatu ndi zopondapo zake. Zaka zonse ife tinkangoimba pakamwa, chifukwa ine limba limenelo sindilitha. Chaka chimenecho panalibe zokambirana. Tidzaimba "ya kwathu ija," agogo adzavala nsapato zawo.

Nthawi yokonzekera inalibe. Amayi sangapemphe ofu iwiri pa sabata. Choncho mkulu uja anajambula nyimboyo pafoni, mtsikana wa ku Thyolo anaitumiza kwa onse, kuti aliyense azimvera akusita kapena akutsuka mbale.

Patatsala sabata imodzi anatigawira mapepala a mwambowo. Ndinatsegula tsamba lathu ndili m'sitima. Pamwamba analemba mzere woyamba wa nyimbo ya akazi anga. Pansi pake, m'Chingerezi, analemba kuti ndi nyimbo yakale ya ku Malawi, wopeka sadziwika. Kenako dzina la mkulu uja, lonse lathunthu, monga woikonza.

Wopeka sadziwika. Ndinapitirira siteshoni yanga osazindikira.

Sabata imeneyo sindinali munthu wabwino. Ndinagunda phaleti, thabwa losanjikapo matailosi, ndi fokolifiti, kapitawo wathu wa ku Pakistan n'kundifunsa ngati ndadwala. Ndinkakwera n'kutsika ndi maganizo amodzimodzi. Munthu ameneyu ali ndi nyimbo zake m'mabuku. Anali ndi limba lofika kudenga, anaphunzira sukulu, ali ndi malaya obiriwira. Ine ndinali ndi kanyimbo kamodzi ka mizere inayi, ndipo kameneko nako kapita kwa iye. Ndinakumbukira nkhani ya m'Malemba ya munthu wolemera amene anatenga kamwana ka nkhosa ka mmphawi, ndipo ndinakondwa kuti Baibulo lili kumbali yanga. Kenako ndinachita manyazi, chifukwa mkulu uja sanabe kanthu. Anafunsa, ndipo anamuyankha.

Ndiye mkwiyo unatembenukira kwa amayi. Ndani anawaphunzitsa nyimboyi? Anaiwala kuti anaimva koyamba pakamwa pa yani? Zaka zonsezi palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti abambo, nyimbo imeneyi munaitenga kuti. Mzungu wangobwera dzulo, afunsa za nsapato zake, za chipale cha kwawo, za mphaka wa mwana wake. Ndinkadziwa kuti mawu oti "ka kwathu" anatuluka pakamwa panga. Kudziwako sikunandithandize.

Ndinaganiza zosapita. Ndinaganizanso zopita n'kuimirira pakati pa mwambo ndi pepala langa la solofa. Pamapeto pake ndinachita zimene ndimachita nthawi zonse: ndinasita malaya oyera, ndinatenga Baibulo la akazi anga, ndinakwera basi. Kibodi inatsala pansi pa bedi, ndipo paphewa panga panali pozizira.

Tchalitchi chinadzaza. Anaimba a ku Kerala, a ku Ethiopia, a ku Philippines ndi magitala awo. Itafika nthawi yathu amayi anaima kutsogolo atavala zitenje zofanana, amuna ochepafe kumbuyo. Mkulu uja anakhala pa limba, malaya obiriwira, nsapato zakuda zija kumapazi. Mayi wa ku Lusaka anandinong'oneza.

"Ba mudala, nkhope iyo. Tili pa maliro?"

"Yang'anani kutsogolo, mayi," ndinatero.

Limba linayamba. Ndinamva mawu a pansi akulowa m'mapazi mwanga kudzera m'simenti. Ndinaona mapazi ake akuyenda pa zopondapo, chidendene ndi chala, chidendene ndi chala, osayang'ana pansi. Zinali zokongola, ndipo kukongolako kunandiwawa. Ndinaganiza kuti akazi anga akanamva akanati, bambo, imeneyi ndi nyimbo yathu ija?

Amayi analowa bwino. Mzere woyamba, mzere wachiwiri. Anafika pa wachitatu. Anati, "pamene mphamvu," ndipo onse, amayi oposa makumi atatu, anaima. Ndinamva akukoka mpweya pamodzi, phokoso limodzi lofewa. Limba linapitirira lokha, linaimba "zanga zatha" popanda munthu. Amayi atalowa, limba linali kale pa mzere wachinayi. Panali chisokonezo, ena anathamangira limba, ena anatsalira, mtsikana wa ku Thyolo anagwira pakamwa. Ndinaona khosi la mkulu uja likufiira.

Ndiyenera kunena zoona: ndinakondwa. Kwa kanthawi kochepa mtima wanga unati, eya, waona. Ndipo pomwepo ndinazindikira kuti inenso ndinali nditaima pamalo omwewo, chifuwa chitadzaza mpweya. Papepala langa la solofa palibe chizindikiro chilichonse choimira pamenepo. Sindinawauzepo amayi kuti apa muziima. Ndinkangoimba monga tinkaimbira pakhonde, ndipo iwo anatenga zonse, mawu, chuni ndi mpweya womwe. Anamvera foni ya agogo milungu itatu akusita, koma pakamwa pawo panasunga zimene anamva kwa ine. Anali kudikira akazi anga, munthu amene sanamuonepo.

Timaimba nyimboyi katatu. Ulendo wachiwiri mkulu uja anapendeketsa mutu kumvetsera. Atafika pa "pamene mphamvu" anakweza manja ndi mapazi onse. Tchalitchi chonse chinati zii. Amayi anakoka mpweya. Kenako iye ndi iwo anatsikira pamodzi pa "zanga zatha." Ulendo wachitatu anachitanso chimodzimodzi. Ine ulendo wachitatuwo sindinaimbe.

Titatuluka panja amayi anamuzungulira akupepesa.

"Pepani agogo, takuchititsani manyazi."

"Ine ndinamvera foni ija tsiku lililonse," anatero wa ku Kasungu, "koma pofika pamenepo pakamwa pakana."

Iye sanakwiye. Anali ndi nkhope ya munthu amene akufuna kumvetsa. Anafunsa kudzera mwa mtsikana wa ku Thyolo kuti kodi kwathu onse amaima pamenepo? Amayi anayang'anana. Wina wa ku Mzuzu anati iye anaimva kunoko. Wina wa ku Mangochi anati nayenso. Wa ku Kasungu anaganiza pang'ono n'kuvomera kuti mwina amayi ake ankaimba ina.

"Iwe, imani," anatero mayi wa ku Lusaka. "Nanga tonse tinaimvera kuti? Si kuli ba mudala aba?"

Onse anatembenukira kwa ine. Sindinakonzekere mawu. Ndinangotsegula Baibulo, ndinatulutsa pepala lija, lofiirira, lothetheka m'mapindo, n'kulipereka kwa mkulu uja. Analiyang'ana nthawi yaitali, akutsatira zilembo ndi chala chotupa, akung'ung'udza chapansipansi. Solofa ankaidziwa.

"Apa simunalembe kuti aziima," anatero.

"Ayi. Pamenepo m'pamene akazi anga ankapumira. Ankadwala chifuwa."

Mtsikana wa ku Thyolo ndiye anayamba kulira. Mayi wa ku Lusaka anandimenya paphewa ndi pepala la mwambo, mwamphamvu ndithu.

"Imwe ba mudala, muli na vuto! Zaka zonse izi muli chabe zii monga chitsa? Tizaziba bwanji ise? Ndise aneneri?"

"Simunafunse," ndinatero.

"Nanga imwe munakamba?"

Tonse awiri tinkanena zoona.

Mafoni anayamba kulira. "Yala, yala, fulumirani, madamu akudikira," ndipo amayi anabalalika kuthamangira mabasi, ena akundigwira dzanja podutsa, ena osandiyang'ana kumaso. Tinatsala awiri pabenchi yathu ija. Anavula nsapato za limba n'kuziika m'thumba, pang'onopang'ono. Anati adzalembera okonza mwambo kuti akonze, koma tonse tinkadziwa kuti mapepala anagawidwa kale, ena ali m'zikwama, ena m'bini. Anatenga lake, anafufuta mawu oti wopeka sadziwika, anandifunsa kalembedwe ka dzina langa. Ndinamuuza. Anafunsanso la akazi anga, ndipo analemba onse awiri. Kenako pa mzere wachitatu anajambula kachizindikiro kokhala ngati diso.

"Ichi chimatanthauza kuti dikira," anatero. "Sichinena kuti nthawi yaitali bwanji."

Kenako anati, "Ndapeka nyimbo zambiri, m'bale wanga. Zili m'mabuku, dzina langa lili pansi pake. Sindikudziwa ngati Lamlungu lino pali amene waimbapo ngakhale imodzi. Yanuyi mtsikana uja amagonetsera nayo zidzukulu zanga."

Ananena akuyang'ana pepala langa la m'kope, ndipo ndinaidziwa nkhope imeneyo. Ndi imene ndinkayang'anira malaya ake obiriwira.

Sindinganene kuti nsanje inatha tsiku lomwelo. Amaimbabe bwino kuposa ine, ndipo mandasi amapitabe kwa iye, ngakhale masiku ano amandigawirako. Mayi wa ku Kasungu mpaka lero akauza alendo za nyimboyi amayamba ndi kuti "ya makolo" kenako n'kudzikonza. Mapepala a mwambo uja alipo m'nyumba za anthu a mitundu yambiri, ndipo onse akunena kuti wopeka sadziwika. Lamlungu lotsatira ndinatulutsa kibodi pansi pa bedi, ndinaikulunga m'chitenje, ndinakwera nayo basi. Mkulu uja, ndi amayi onse aja, ndinawakhululukira.